Kalulu sasanza

Mvula ikayamba, inu oweta akalulu chenjerani ndi msipu wanthete. Ana amalawirira kukazula chisoso ndi kholowa mame ali chonchobe, n'kukhuthulira zonse m'khola. Pofika madzulo kalulu mimba yatupa ngati ng'oma, wangoti ndwii pakona, akukukuta mano. Tsonotu kalulu sasanza. Chomwe chalowa chiyenera kudutsa basi.

Masamba muziyamba mwawayanika pamthunzi kuti afote. Koma chakudya chake chenicheni ndi udzu wouma ndi masangwi a mtedza. Zimenezi zisamasowe usana ndi usiku, chifukwa ndizo zimayendetsa matumbo ndi kuperesa mano, omwe amakula moyo wake wonse. Madeya akhale ochepa. Chakudya chachilendo muzimuzoloweza pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu. Masamba a mapeyala, a tomato ndi a mbatatesi ayi ndithu.

Ine kukacha ndimayamba ndasuzumira pansi pa khola. Ndikaona timibulu touma, tozungulira, tambirimbiri, mtima umakhala pansi. Tina tofewa tonyezimira timene amadya yekha si matenda, musamuletse, thupi lake limatifuna. Koma mukaona ndowe yamadzi, makamaka kwa ana a kalulu ongoleka kuyamwa, kapena watha maola 12 osadya osachita chimbudzi, chotsani madeya ndi zaziwisi, mumusiyire udzu ndi madzi oyera, n'kupita kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Za mawa palibe.

Ndipo chonde, makapisozi a amoxicillin otsala m'nyumba aja musamumwetse. Amapha tizilombo tothandiza ta m'matumbo mwake, kalulu n'kufa mukuona.