Kumangira anthu kapena kumanga nawo?

Ife ochokera ku Mdeka, Lirangwe ndi Chileka amene tili pa koleji pano takhala tikutsutsana za magemu awiri apachibale: Dragon Quest Builders ndi Dragon Quest Builders 2. Onse ndi a kampani ya ku Japan ya Square Enix. Gemu yoyamba inatuluka mu 2016, yachiwiri inatuluka ku Japan mu Disembala 2018 n'kufika kumaiko ena mu Julaye 2019. M'magemu onsewa dziko ndi la mabuloko ngati mu Minecraft: umakumba dothi, kudula mitengo, kuphwanya miyala, kenako n'kumanga. Kusiyana kwake ndi Minecraft n'koti muli nkhani yotsatira ndi anthu okupempha thandizo.

Gemu yoyamba imachitikira m'dziko la Alefgard, kumene anthu anaiwala luso lomanga. Iwe wekha ndiye ukulidziwa. Anthu amabwera mmodzimmodzi, uyu akufuna chipinda chogona, uyu khitchini, ndipo pafupifupi buloko iliyonse umaika ndiwe. Nyundo ndi malupanga zimatha n'kuthyoka. Chopweteka kwambiri chimabwera kumapeto kwa gawo: mudzi wa Cantlin ukangoima bwino, umausiya n'kupita ku Rimuldar pafupifupi chimanjamanja, kukayambiranso. Magawo ndi anayi, ndiye kuyamba pachabe n'kanayi.

Yachiwiri inakonza zambiri. Zida sizithyokanso, ukhoza kuthamanga ndi kulowa pansi pa madzi, ndipo anthu mpaka anayi akhoza kumangira limodzi pa intaneti. Uli ndi mnzako Malroth, wokonda ndewu koma wosadziwa kupanga kanthu. Koma kusintha kwenikweni kuli mwa anthu a m'mudzi. Pa chilumba cha Furrowfield amalima, kuthirira ndi kuphika okha. Pa zomanga zikuluzikulu ukayala pulani pansi, iwo amatenga zipangizo n'kumanga, iwe ukuchita zina. Ndipo uli ndi kwanu, chilumba chotchedwa Isle of Awakening. Ukamaliza ntchito kwina umabwerera kumeneko ndi luso limene waphunzira, ndipo ena mwa anthu amene unagwira nawo ntchito amakutsatira.

Ena mwa ife amaikirabe kumbuyo gemu yoyamba, ndipo ali ndi mfundo. Nkhani yake ndi yachindunji, pamene yachiwiri anthu ake amalankhula kwambiri mpaka chala chimatopa kudina. Komanso yoyamba inafika pa mafoni a Android ndi iOS mu 2022, pamene yachiwiri timaisewera pobwerekana laputopu. Kwa mnyamata wa ku Mdeka amene amatchajitsa foni pamsika, limenelo si phindu laling'ono.

Komabe ambiri a ife tili kumbali ya yachiwiri, ndipo chifukwa chake tinachiphunzira kumudzi tisanagwire n'komwe gemu. Tonse tinaonapo mjigo umene alendo anabwera kudzakumba, n'kujambulitsa zithunzi, n'kupita. Utawonongeka unangokhala, chifukwa panalibe amene anauona ngati wake kapena wodziwa kuumasula. Tinaonanso tchalitchi chomangidwa ndi eni ake: amayi kutunga madzi, abambo kuponda dothi ndi kuumba njerwa m'chikombole, achinyamata kutuntha mchenga Lamlungu m'mawa. Chimatenga zaka kuti chifike padenga, koma mphepo ikasasula lata, mawa lake munthu amakhala atakwera ndi nyundo osadikira kuuzidwa. Gemu yoyamba ndi mjigo uja. Yachiwiri ndi tchalitchi chija.

Ngakhale Nehemiya sanamange linga la Yerusalemu yekha. Chaputala 3 cha buku lake chadzaza maina a mabanja, ansembe ndi amisiri, ena akukonza moyang'anizana ndi nyumba zawo, ndipo ntchito inatha m'masiku 52. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo opanga gemu a ku Japan anafika pa nzeru yomweyo atayesa kachiwiri.

N'chifukwa chake mkangano wathu sunathere pa magemu. Makolo athu anagulitsa mbuzi ndi nandolo kuti tikhale pano. Tikamaliza, minibasi yodzera pa Lunzu idzatitsitsa pa Lirangwe kapena pa Mdeka, ngakhale kwa masiku ochepa chabe. Tikhoza kufika ngati womanga wa gemu yoyamba, wodziwa zonse yekha, wokonzera anthu zinthu n'kubwerera ku tauni. Kapena tikhoza kukhala pansi ndi komiti ya mjigo, ya sukulu kapena ya tchalitchi, kuwaonetsa kalembedwe ka kaundula wa ndalama ndi kawerengedwe ka matumba a simenti, mpaka atamachita okha ife kulibe. Holide ikubwerayi tagwirizana kuyamba ndi kaundula wa mjigo wa kwathu, ndipo cholembera chidzakhala m'manja mwa msungichuma wa komiti, osati mwathu.