Kabuku kanga ka za fizi ya ku yunivesite

Lolemba

Mwana wanga wachisamba wakhoza MSCE ndi mapointi 13. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, choncho za yunivesite ndikuziphunzira kumene. Aphunzitsi ake andifotokozera kuti mapointi amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza koposa, Chingerezi chikhale momwemo, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri. Ana opita ku mayunivesite a boma amasankhidwa kudzera ku bungwe la NCHE. Mwana amandandalika maphunziro amene akufuna, kuyambira omwe ali pamtima pake. Nkhani yathu yagona pa mndandanda umenewu.

Lachitatu

Iye mtima uli ku MUBAS, ku Blantyre, ija tinkaitchula kuti Polytechnic isanaime payokha mu 2021. Akufuna uinjiniya. Sindikudabwa, chifukwa wailesi za anthu a m'mudzi muno amakonza ndi iyeyo, ndipo solar ya padenga pathu analumikiza yekha.

Ine maso anga ali ku Bunda, ku LUANAR. Kumeneko kulinso uinjiniya, wa zaulimi ndi wa ulimi wothirira, ndipo azakhali ake amakhala ku Mitundu, pafupi ndi sukuluyo. Pogona pangakhale pa ulere, nsima ya madzulo n'kumadya pakhomo.

Usiku uno ndalemba zonse m'kabuku momwe ndimalembamo za soya. Ndapeza kuti fizi yolembedwa papepala ndi mbali imodzi chabe ya katundu. Malo ogona pasukulu sakwanira aliyense, ndiye ambiri amachita lendi kunja. Kuwonjezera apo pali chakudya, sopo, minibasi, bandulo ya intaneti, kufotokopa manotsi, ulendo wobwera kumudzi pa holide, komanso laputopu, imene wophunzira uinjiniya sangachitire mwina. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagwirika. Nditaphatikiza zonse, ndaona kuti chaka chimodzi ku Blantyre chingameze soya wathu yense, pomwe azing'ono ake awiri akufunikanso yunifolomu ndi makope. Tulo sitinabwere.

Loweruka

Ndinakafunsa za ngongole kwa mtsikana wa kutchalitchi kwathu amene ali chaka chachitatu ku yunivesite. Akuti imachokera ku bungwe la boma la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Munthu amafunsira akasankhidwa kale, ndipo amaunika ngati alidi wosowa. Si onse opempha amene amalandira. Anandiuzanso mosabisa kuti, "Amayi, iyi si mphatso. Ndikadzayamba ntchito azidzandidula pa malipiro." Ndalama yodyera nayo, akuti, imatha teremu isanathe, ndipo nthawi zina sukulu imatsegulidwa iyo isanafike.

Za thandizo losabweza ndamva kuti CAMFED imathandiza atsikana, ndiye wanga sizimukhudza. Tipitiriza kufunsa ku mpingo ndi kwa aphunzitsi aakulu, koma sindingawerengere ndalama imene sindinaigwire m'manja.

Lamulungu

Titachoka kutchalitchi ndinamuyitana pakhonde n'kumutsegulira kabuku. Ndinaona kuti si bwino kumuuza kuti "ayi" osamuonetsa chifukwa, komanso si bwino kumuuza kuti "eya" kenako n'kudzamusiya akugona ndi njala m'tauni. Anawerenga mzere uliwonse ndi chala, nafufuta mtengo wa laputopu yatsopano n'kulembapo wa yogwiritsidwapo kale ntchito.

"Amayi, mundilole ndiyese," anatero. "Ndikasankhidwa ku MUBAS ngongole n'kukanika, sindidzakukakamizani kugulitsa munda."

"Iwe, munda sugulitsidwa, ngakhale zitavuta bwanji," ndinamuyankha. Apa pokha sindisuntha. Mundawo ndi umene udzaphunzitse azing'ono ake.

Chandivuta kwambiri n'chakuti maphunzirowa adzawaphunzira ndi iyeyo, ndipo mwana wokankhidwira ku maphunziro amene sakuwafuna amafooka msanga. Komanso wolipira ndine, ndipo thumba langa ndikulidziwa kuya kwake.

Lachiwiri

Fomu ya ku NCHE yapita. Wayamba ndi MUBAS, kenako uinjiniya wa ulimi wothirira ku Bunda, ndipo wachiwiriwu walemba ndi mtima wake, atafunsa kwa amene akuphunzira kumeneko. Tagwirizana kuti mpaka mayina atuluke azigwira ganyu yolumikiza ma solar, ndalama yake izipita pa laputopu. Ine ndawonjezera masheya anga ku banki mkhonde, ndipo matumba a soya sindigulitsa kwa mavenda pa mtengo wa nthawi yokolola.