Magazi ndi Fupa: Ana a Mimba Imodzi

Amayi anzanga, tsiku lina ndilikudula nkhwani, mpeni unandicheka chala. Poona magazi alikudontha, mwana wanga wamkazi wa Folomu 3 anati, "Amayi, kodi mukudziwa kuti magazi ndi fupa n'pachibale?" Ndinaseka. Chinthu chamadzi chingakhale bwanji mbale wa chinthu chouma gwa?

Mwanayo anandikhazika pansi nandilongosolera. Thupi lathu linamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono totchedwa maselo. Pakhungu maselowa ndi othithikana ngati njerwa za pakhoma. Koma m'fupa, ndi m'mitsempha yomanga mnofu ku fupa, maselo amakhala motalikirana, ndipo pakati pawo pamadzaza chinthu china chowasunga. Ziwalo zopangidwa motere akatswiri amaziika m'gulu limodzi, la minofu yolumikiza. Magazinso ali m'gulu lomweli, chifukwa maselo ake amayandama m'madzi achikasu monga nyemba mumsuzi. Kusiyana kwake n'kwakuti chosunga maselo m'fupa n'cholimba, pamene cha m'magazi n'chamadzi.

Ndinafunsa kuti, "Nanga poti mitsempha ili ndi ulusi, ulusi wa magazi uli kuti?" Iye analoza chala changa chimene chinali chitaleka kukha. Ulusiwo umakhala wosungunuka m'madzi aja. Munthu akadzicheka ndi pamene umatuluka n'kulukana ngati ukonde, magazi n'kuundana. Komanso magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa momwemo, ndipo selo lofiira lililonse limakhala masiku ngati 120 lisanalowedwe m'malo ndi lina.

Pamenepo mtima wanga unabwerera ku tsiku limene ndinachira mwana yemweyu. Ndinataya magazi ambiri, ndipo achimwene anga ena anaopa kupereka awo, ati atha. Amene anandipulumutsa ndi munthu amene sindimdziwa kufikira lero. Achimwenewo akanadziwa kuti munthu wamkulu ali ndi malita ngati 5, kuti wopereka amachotsedwa osakwana theka la lita, ndi kuti mafupa amabwezeretsa m'masabata ochepa, sakanachita mantha.

Choncho amayi, pamene tili oyembekezera tisanyozere sikelo, ndipo tizidya nyemba, bonongwe, usipa ndi chiwindi kuti mafupa apeze zopangira magazi. Abambo kunyumbako tiwalimbitse mtima pa zopereka magazi.

Akuluakulu anati chibale n'fupa, sichiola. Ine mbale wanga wina ndi mlendo uja amene magazi ake anandidzutsa.