Amene Sadalowe m'Kaundula Wathu

Anthu akamva mau oti kafukufuku wa zaumoyo, amaganiza za munthu wovala mkanjo woyera ataweramira pa makina oonera tizilombo. Yathu ntchito siinali yotero ai. Tinali kagulu kochepa ka amuna ndi akazi mu mzinda wa Blantyre, ndipo zida zathu zinali cholembera, mulu wa mafomu ndi nsapato zolimba. Chimene tinkafufuza si nthenda, koma chipatala chenichenicho ndi mayendedwe ake. Mai wobereka mwana kumsana akafika mbandakucha, amaonana ndi dokotala dzuwa lili pati? Mankhwala amene amlembera alipo pa zenera, kapena amuuza kuti akagule yekha? Munthu amene wayamba mankhwala a chifuwa chachikulu, oyenera kumwa miyezi 6 osadukiza, amafika nao kumapeto kapena amalekera panjira? Mayankho a mafunso otere sapezeka tsiku limodzi. Amalira kukhala pa benchi pamodzi ndi odwala, kuvundukula makaundula a fumbi, ndi kulondola munthu mpaka kwao, kukaodira pakhomo, kulandira mpando, ndi kuyamba mwafunsa za ana ndi za mvula musanatulutse fomu.

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Patapita masiku atatu sukulu zidatsekedwa, ndipo pa 2 Epulo tidamva kuti anthu atatu apezeka ndi nthendayo ku Lilongwe. Masiku omwewo akulu a ntchito yathu adatiitana natiuza kuti tibweze mafomu, tikakhale kunyumba kufikira atatiitananso. Sitidatsutse. Munthu woyenda khomo ndi khomo, wochokera ku chipatala, akadatha kusenza nthenda n'kukaitula kwa nkhalamba imene wapita kukaifunsa za moyo wake. Komatu chodabwitsa n'chakuti lamulo loti anthu onse abindikire masiku 21 lidaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu lisanayambe n'komwe. Misika idadzazabe, maminibasi adayendabe, ndipo misonkhano ya ndale yokonzekera chisankho cha pa 23 Juni idasonkhanitsa khwimbi la anthu. Dziko lonse linali pa mseu. Obindikira tinali ife olemba mafomu.

Ambiri mwa ife sitinali pa ntchito yokhazikika. Malipiro athu ankayendera limodzi ndi kafukufukuyo, ndipo kafukufuku akaima, mafuwa nao amazizira. Mnzathu wina adabwereka makina osokera nayamba kusoka mamasiki a nsalu ya chitenje. Wina adabwerera kumudzi osadzaonekanso. Panalinso chipongwe chimene sitidachiyembekeze. Anansi amene kale ankabwera ndi buku la kuchipatala kuti tiwawerengere zimene dokotala walemba, tsopano ankaitana ana ao akationa tikubwera. M'miyezi yomweyo mphekesera za anamapopa, zimene zidaphetsa anthu ku chigawo cha kummwera mu 2017, zidabukanso m'maboma ena. Aliyense amene adayendapo m'mudzi ndi chikwama chokhala ndi chizindikiro cha zaumoyo akudziwa m'mene mtima umagundira mphekesera zotere zikamveka.

Patapita nthawi adatipatsa mayunitsi ndi mndandanda wa manambala, nati ntchito ipitirire pa lamya. Poyamba tidakondwa. Mafomu ankadzaza msanga, nsapato sizinkatha, agalu sankatithamangitsa. Koma posakhalitsa tidayamba kuzindikira mau amene ankatiyankha. Kawirikawiri anali a bambo. "Mai ali ku dimba, funsani ine, ndikudziwa zonse." Nanga mungafunse bwanji mwamuna ngati mkazi wake adalandira mankhwala amene mwina sadamuuze n'komwe kuti akumwa? Ngakhale maiyo atapatsidwa lamya, tinkamva kuti pali wina waima pambali, ndipo mayankho ankafupika: inde, ai, zili bwino. Pakhomo tikadaona maso akuthawa, tikadaona botolo la mankhwala lili lodzaza pa zenera, tikadadikira kuti bambo atuluke. Pa lamya zonsezi palibe. Ndipo ena sitidawapeze konse: nambala imene adatipatsa inali ya mlamu wao kapena ya mwini golosale, lamya idagulitsidwa, kapena moto udatha. Amenewa ndiwo anali osaukitsitsa, omwe chipatala chimawavuta koposa onse. Motero mafomu athu adaoneka aukhondo kuposa kale lonse, ndipo ankanena za Malawi wabwinoko kuposa amene analipo.

Tisanamizire mliri kuti udapha kafukufuku yense. Ofufuza ambiri amene anali pa malungo, pa chibayo ndi pa matenda ena adatembenukira ku Covid-19, ndipo adachita zazikulu m'nthawi yochepa. A Malawi-Liverpool-Wellcome adayeza magazi a anthu 500 ogwira ntchito zachipatala mu Blantyre pakati pa chaka cha 2020, napeza kuti pafupifupi 12 mwa anthu 100 alionse anali atadwalapo kale nthendayo, pamene chiwerengero cha boma chinali chikadali chochepa. Pambuyo pake adayezanso magazi a anthu opereka magazi mwaufulu, ndipo pofika pakati pa 2021 oposa theka anali ndi zizindikiro zoti kachilomboko kadawadutsa. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth kudaimikidwa makina opangira mpweya wothandiza odwala kupuma. Zimenezi tidazinyadira, ndipo tikuzinyadirabe.

Koma dzanja limene lagwira khasu silingagwirenso nkhwangwa. Pamene maso onse anali pa nthenda yatsopano, nthenda zakale sizidapite kutchuthi. Ofufuza ena adawerenga kaundula wa chifuwa chachikulu mu Blantyre, napeza kuti mu Epulo 2020 chiwerengero cha odwala atsopano olembedwa chidatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Munthu wosadziwa akadavina, poganiza kuti chifuwa chachepa. Chifuwa sichidachepe, adachepa ndi anthu obwera kudzayezetsa. Nthenda ziwirizi zimayamba mofanana, kutsokomola ndi kutentha thupi, ndipo munthu wotsokomola ankaopa kuti akangofika pa chipata amtsekera kwayekha, abale osamuonanso. Anamwino ndi madokotala naonso anali ndi mantha ao, mpaka ena adanyanyala ntchito mwezi womwewo pofuna zovala zodzitetezera. Kaundula amalemba munthu amene wafika. Wotsalira kunyumba alibe mzere.

Mmodzi wa otsalirawo tinkamdziwa bwino. Anali bambo wachikulire wokhoma zidebe ndi mbaula, amene tidayamba kumtsatira atangoyamba mankhwala a chifuwa. Tikafika ankaleka nyundo, natipatsa chidebe chovundikira kuti tikhalepo, ndipo ankatitcha ana ake a mapepala. Pamene tinkabweza mafomu anali m'mwezi wachitatu wa mankhwala, thupi litayamba kubwerera. Pa lamya tidamuyesa kanayi osampeza, ndipo potsata malamulo a ntchito tidachonga kabokosi kolembedwa kuti wosapezekanso. Kabokosiko n'kakang'ono, sikatenga ndi kamphindi komwe kuchonga.

Atatilola kuyendanso m'makomo, tidatsika kanjira ka kwao titavala mamasiki. Nyundo siinkamveka. Mai a kunyumbako adatiyang'ana nthawi yaitali asanatizindikire, kenaka adayala mphasa.

"Ana inu, mudatitayatu," adatero. "Bambo anu adatisiya m'mwezi wa Julaye."

"Pepani, amai. Nanga mankhwala aja?"

"Atatha a m'botolo adakana kukatenga ena. Ankati ndikatsokomola pa mzere paja andigwira, ndipo mudzandiika m'manda muli patali ngati galu. Ndidati dikirani ana a mapepala aja abwere adzakuuzeni zoona. Tidadikira."

Ife si madokotala, ndipo kupereka mankhwala siinali ntchito yathu. Buku la malangizo limati wofufuza aone ndi kulemba, asasokoneze chimene akuchiyeza. Koma pa mphasa paja tidazindikira kuti kwa banja limenelo ife tinali mbali ya chipatala, mwinanso mbali yokhayo imene inkadziwa njira ya kwao. Kubwera kwathu mwezi ndi mwezi, kumene m'mabuku kunkatchedwa kutolera mayankho, ndiko kunkamkumbutsa bamboyo tsiku lokatenga mankhwala. Sitikunena kuti adalakwa amene adatiuza kuti tikhale kunyumba; tikadakhala pa mpando wao tikadalamula chimodzimodzi. Tikungonena kuti pa tsiku lobweza mafomu palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adafunsa kuti, nanga anthu amene azolowera kutiona awauza ndani?

Januwale wa 2021 adatiphunzitsa mantha enieni. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengezanso kuti dziko lili pa ngozi. M'masabata omwewo tidataya dalaivala wathu, munthu amene ankadziwa mlatho uliwonse wothyoka ndi mfumu iliyonse yofuna kuyamba yalonjeredwa. Ku maliro ake tidapita owerengeka, titaima motalikirana, osagona nao pa siwa.

Katemera woyamba, wokwana 360,000, adafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, koma mu Meyi boma lidatentha wina woposa 19,000 amene adatha mphamvu asanabayidwe. Tsono adatituma kukafunsa anthu chifukwa chimene ankakanira katemera. Tidamva zambiri: kuti amaletsa kubereka, kuti wobayidwa sakhalitsa, kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Zonsezo tidalemba mokhulupirika. Koma yankho limene lidatikhala mumtima lidachokera kwa nyakwawa ina, imene idatilandira bwino ndithu, nkutifunsa mofatsa kuti, "Pamene anthu anga ankaopa, inu munali kuti? Lero mwabwera chifukwa muli ndi jekeseni wofuna mikono." Pa fomu panalibe malo olembapo funso lochokera kwa wofunsidwa, choncho tidalilemba kumbuyo kwa pepala.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo ife tidabwerera kale ku mabenchi athu. Chidasintha n'chochepa: munthu aliyense watsopano timamfunsa nambala yachiwiri, ndi dzina la mnansi amene angatilozere njira, ndipo timamuuza poyera kuti ngakhale ife titaleka kubwera, iye asaleke kupita ku chipatala.

Chaka chatha mnyamata wina wophunzira bwino za masamu, amene adalowa ntchito mliri utatha, ankakonza zowerengera zathu zakale pa kompyuta. Adatiitana natisonyeza mpata wa miyezi isanu ya 2020 pamene mzere udaduka. Adati pali njira yovomerezeka yodzazira mpata wotere, poyerekeza ndi miyezi ya kumbuyo ndi ya kutsogolo, kuti mzere uyende bwino, ndipo adafunsa ngati tingamlole. Tidayang'anana. Wamkulu mwa ife adampempha kuti ausiye momwemo, ndipo adakoka mpando nayamba kumfotokozera za bambo wokhoma zidebe.