Chingerezi nachonso chinkakwapulitsa ana kusukulu

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, sabata yatha bambo wina anabwera kusukulu ana atangoweruka. Anakhala pa benchi ya ana, chipewa chili pabondo, n'kunena kuti: "Aphunzitsi, mwana wanga mum'chotse m'kalasi ya zilankhulo ziwiri. Chinyanja anachiyamwira kale. Ine ndikufuna Chipwitikizi, kenako Chingerezi, chifukwa kumigodi ya ku Moatize safunsa Chinyanja." Ndinawayankha zomwe tinaphunzira ku IFP, kuti mwana amadziwa msanga kuwerenga m'chilankhulo chimene amachimva. Anangogwedeza mutu. Potuluka anandisiyira funso: "Chilankhulo chopanda mawu a sayansi chingam'fikitse kuti mwana?"

Funsoli linandisowetsa tulo, chifukwa inenso ndinakula ndi maganizo omwewo. Ndili mwana, ukalankhula "dialecto" pabwalo la sukulu mnzako ankakulemba dzina, ndipo unkatsala kusesa anzako akupita kwawo. Usiku umenewo ndinafukula kope langa lakale la ku IFP, momwe ndinalemba mbiri ya Chingerezi cha pakati pa 1500 ndi 1700. Kale ndinkaloweza zimenezi kuti ndikhoze mayeso. Ulendo uno ndinaziwerenga ndi funso la bambo aja m'mutu.

M'zaka zimenezo Chingerezi sichinali chilankhulo chapamwamba. Cha m'ma 1600 anthu a ku England anali pafupifupi 4 miliyoni, ochepa kuposa olankhula Chinyanja lero. Munthu akawoloka nyanja, Chingerezi chake chinkathera padoko. Chilankhulo cha ophunzira chinali Chilatini. M'masukulu ambiri anyamata a makalasi apamwamba ankalamulidwa kulankhula Chilatini chokha, ndipo wogwidwa akulankhula Chingerezi ankalangidwa. Nditafika pamenepa ndinaseka ndekha. Ana a ku London nawonso ankavutika ndi "dialecto" yawo!

Chingerezicho chinalinso chosiyana chigawo ndi chigawo. William Caxton, yemwe anayambitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, analemba mu 1490 za wamalonda amene anapempha mazira potchula mawu akuti egges. Mayi wogulitsa anayankha kuti samva Chifalansa, popeza kwawo mazira ankati eyren. Caxton anadandaula kuti sakudziwa mawu oti asindikize. Kodi si mkangano womwewo umene timachita pofunsana kuti Chinyanja chenicheni n'cha ku Angónia, cha ku Lago kapena cha ku Malawi? Kalembedwe nakonso kanali kosakhazikika. Shakespeare mwini wake ankasaina dzina lake mosiyanasiyana.

Ena analipira ndi moyo. William Tyndale anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chingerezi popanda chilolezo cha mabishopu. Anakachisindikiza ku Worms, ku Germany, mu 1526, ndipo mabukuwo ankalowa mu England mozembetsa. Ena mwa mabukuwo anawotchedwa ku London. Mu 1536 Tyndale anaphedwa ku Vilvoorde, pafupi ndi Brussels, atamuweruza kuti ndi wopandukira chiphunzitso cha mpingo. Koma pofika 1611, Baibulo la King James linatuluka ndi chilolezo cha mfumu, ndipo mawu ake ambiri anachokera kwa Tyndale yemweyo.

Amene anandigwira mtima kwambiri ndi Richard Mulcaster, chifukwa anali mphunzitsi wogwira choko ngati ife, mkulu wa sukulu ya Merchant Taylors ku London. Chilatini ankachidziwa bwino ndipo ankachiphunzitsa. Koma m'buku lake la Elementarie la 1582 anatsutsa zoti Chingerezi n'choperewera, ndipo anasanja mawu pafupifupi 8,000 kuti kalembedwe kake kagwirizane.

Nanga mawu a sayansi anawapeza kuti? Ambiri anabwereka ku Chilatini ndi Chigiriki, ena anapanga. Panabuka mkangano, ena monga John Cheke akukana mawu obwerekawo. Anthu wamba sankawamva, mpaka mu 1604 Robert Cawdrey, yemwenso anaphunzitsapo ana, anatulutsa dikishonale ya mawu ovuta pafupifupi 2,500. Ngakhale zinali choncho, Isaac Newton analemba Principia m'Chilatini mu 1687. Buku lake la Opticks la 1704 ndi limene linatuluka m'Chingerezi. Chipwitikizi chathuchi chinayenda njira yofanana: galamala yake yoyamba, ya Fernão de Oliveira, inatuluka mu 1536, ndipo mu 1540 João de Barros analemba buku lochiteteza.

Tisanamizane. Chingerezi chinafalikira padziko ndi zombo, malonda ndi mfuti, ndipo Chinyanja sichidzayenda njira imeneyo. Bambo aja sanalakwe ponena za ntchito. Mwana wawo akufunikadi Chipwitikizi chabwino, ndipo ndi udindo wanga kum'patsa. Chimene ndikukana n'chakuti chilankhulo chimabadwa ndi mawu a sayansi. Mawuwo amaikidwamo ndi anthu, ambiri a iwo aphunzitsi, mwa kulemba, kubwereka ndi kukangana kwa zaka zambiri.

Lachisanu ndinapita kunyumba kwa bambowo ndi kope la mwana wawo. Za Newton sindinatchule zambiri. Ndinangopempha mwanayo kuti afotokoze mmene mbewu ya chimanga imamerera, poyamba m'Chinyanja, kenako m'Chipwitikizi. M'Chinyanja anafotokoza zonse. M'Chipwitikizi anakakamira kawiri, koma anafika kumapeto. Bambo anakhala chete, kenako anati: "Akhale mpaka kumapeto kwa chaka, tikaone." Sanagonje, ndipo ine sindinapambane. Ndangopatsidwa miyezi yochepa.

Lolemba ndayamba kope latsopano ndi ana, lolembamo mawu a sayansi amene tikusowa ndi amene tikugwirizana kugwiritsa ntchito. Inu m'makalasi mwanu mumati chiyani mukafika pa "evaporação"? Lembani m'munsimu, tiike m'kope.