Njinga Imene Ndinasankha

Pochoka kwathu ku Mchengautuwa kupita kusukulu, msewu wambiri ndi wa tala, koma poyambira mpafumbi, ndipo mvula ya ku Mzuzu sichedwa kusandutsapo matope. Atate atagulitsa nkhumba anati, "Usankhe bwino mwanawe, ndalama zina palibe."

Njinga yampikisano inanditenga mtima, koma matayala ake a mamilimita 25 amaterereka m'matope. Ya m'mapiri imalemera pa tala. Ya anyamata a sakaramento njolimba ndithu, koma ilibe magiya okwerera zitunda. Tsono ndinatenga yapakatikati: matayala a mamilimita 35, handulo yowongoka, magiya, madigadi ndi kaliyala yomangapo mabuku.

Anzanga, musanagule njinga yambani mwayang'ana njira yanu, pakuti kukongola sikufikitsa munthu m'kalasi belu lisanalire.