Pa Entre Lagos Nsima Sigona M'mphika

Mukafika pa Entre Lagos m'boma la Mecanhelas, pomwe njanji yochokera ku Nacala imalowera m'Malawi pa Nayuchi, dandaulo n'limodzi: ndalama yasowa. Koma tapitani m'zisakasa za nsima dzuwa lili paliwombo, mabenchi ali thithithi!

Poyamba ine ndinkati nkusakaza. Ayi ndithu. Msodzi wochoka kunyanja ya Chilwa m'bandakucha akaphikira kuti? Komanso m'pambale pomwepa pamene amamva mtengo wa matemba ku Cuamba, ndi m'mene kwacha ikusinthidwira ndi metikali lero. Wodyera kwawo amangogulitsa nsomba zake motaya.

Tsiku lomwe ukonde wabwerako wopanda kanthu, mayi wophikayo amaomolabe mitanda iwiri, nkulemba ngongoleyo m'kope.